Momwe mungakonzere phunziro la pa intaneti loti ophunzira alitsegule pa foni n'kulimaliza

Semesita ikamayamba, mphunzitsi amachezera usiku kuika zinthu pa intaneti: masilaidi 60, buku lathunthu la PDF, vidiyo ya ola limodzi. Tsiku la kalasi likafika amapeza kuti amene anatsegula ndi owerengeka, ndipo mwa owerengekawo palibe anafika kumapeto. Pamenepo timathamangira kunena kuti ana a masiku ano ndi aulesi. Ine sindivomereza. Wophunzira amene akuchita lendi kachipinda ku Goliati, kapena amene watumizidwa kukaphunzira ntchito pa chipatala chaching'ono cha kufupi ndi Muloza, amayamba waona kukula kwa fayilo asanaone mutu wake. Ikakhala 300 MB amangoisiya, chifukwa bandulo yomweyo ndi imene akuyenera kudutsira sabata. Akalimba mtima n'kutsegula, nthawi zambiri sapezamo chomuuza poyambira, chochita, ngakhale njira yodziwira kuti wamvetsa.

Malangizowa ndalembera aphunzitsi a m'sukulu za ukachenjede ndi m'makoleji a kuno kwathu, monga MUST ku Ndata, Malamulo ku Makwasa ndi koleji ya anamwino ya Mulanje Mission, komanso ophunzira amene amathandiza aphunzitsi awo pa za makompyuta. Tikonza phunziro la sabata imodzi yokha, osati kosi yonse. Mukalitha limodzi bwinobwino, masabata enawo mudzangotsata njira yomweyi. Chitsanzo changa ndi cha anamwino, kuwerengera madontho a diripu, koma wophunzitsa za uinjiniya, za ulimi kapena za bizinesi aikepo chake.

Zofunika kukhala nazo musanayambe

- Pepala ndi cholembera. Masitepe anayi oyamba safuna kompyuta.
- Ndondomeko yovomerezeka ya kosi yanu.
- Laputopu yokhala ndi Word ndi PowerPoint, kapena LibreOffice yomwe ndi yaulere.
- Foni yanu ndi mahedifoni okhala ndi maikolofoni.
- Foni ina yotchipa ya Android, yobwereka kwa wophunzira. Iyi ndiye yofunika kuposa zonse, musaisiye.
- Akaunti ya Moodle ya sukulu yanu, pulogalamu ya pa intaneti yoikirapo maphunziro. Ngati sukulu ilibe, Google Classroom igwira ntchito.
- HandBrake, pulogalamu yaulere yochepetsera kukula kwa mavidiyo.
- Fulashi ndi pawabanki.
- Ophunzira awiri kapena atatu odzipereka kukuyeserani, mmodzi akhale class rep.

1. Yambani mwafunsa ophunzira zomwe ali nazo m'manja

Gawani timapepala m'kalasi, osalemba mayina, ndipo afunseni izi: mumawerengera pa chiyani, foni yanu, yobwereka kapena laputopu? Foniyo ili ndi malo otsala ochuluka bwanji? Mumagula bandulo yanji, ya WhatsApp yokha kapena ya intaneti yonse? Netiweki imagwira bwino pati ndipo nthawi yanji? Mumatchaja kuti magetsi akathima? Pali vuto la maso kapena makutu lomwe ndiyenera kulidziwa?

Mukasonkhanitsa, musayang'ane zomwe ambiri ali nazo. Yang'anani amene ali pansi kwambiri, ndipo phunziro mulikonzere iyeyo. Chimene chatseguka pa foni yake chitsegukanso pa laputopu ya mnzake, koma chokonzera laputopu sichitseguka kwa iye.

Chenjezo: mafunsowa musawatumize pa Google Forms, chifukwa amene ayankhe ndi okhawo amene ali kale ndi bandulo. Musanenenso kuti "amene alibe foni akweze dzanja". Palibe mnyamata kapena mtsikana wa zaka 20 amene angadziulule choncho pamaso pa anzake.

2. Lembani chimene wophunzira adzathe kuchita pofika Lachisanu

Lembani chiganizo chimodzi kapena ziwiri, basi. Apa ndi pomwe ambiri amaphonya, chifukwa amalemba mutu m'malo mwa ntchito. "Madzi a m'mitsempha" ndi mutu. "Ophunzira amvetse za diripu" ndi chokhumba chabe, popeza kumvetsa sikuoneka ndi maso. Lembani chinthu choti mukaima pambali pake muthe kumuona akuchichita:

"Akapatsidwa kuchuluka kwa madzi, maola oti adutse ndi mtundu wa chubu, wophunzira awerengere molondola madontho a pa mphindi imodzi."

Mawu abwino ndi monga awerengere, asiyanitse, ajambule, ayeze, akonze, afotokoze chifukwa. Amene munadutsa m'maphunziro a uphunzitsi mukukumbukira makwerero a Benjamin Bloom ndi anzake a 1956, omwe anakonzedwanso mu 2001: kukumbukira, kumvetsa, kugwiritsa ntchito, kusanthula, kuweruza ndi kupanga chatsopano. Sikofunika kuwaloweza. Phindu lake ndi kukudzidzimutsani mukaona kuti zolinga zanu zonse zathera pa kukumbukira, pomwe namwino m'wodi sadzafunsidwa tanthauzo la diripu ayi, adzapatsidwa wodwala.

Chenjezo: zolinga zikapitirira zitatu pa sabata imodzi, ndiye kuti mwaphatikiza masabata awiri. Gawani.

3. Lembani mafunso oyesera musanalembe notsi

Izi zimamveka zosemphana, koma zimakupulumutsani ku ntchito yambiri. Mukadziwa funso limene wophunzira ayenera kuyankha, mumadziwanso zoti muphunzitse ndi zoti musiye.

Lembani mafunso asanu, ndipo pa funso lililonse mayankho olakwika akhale olakwika mwadala, ochokera ku zophonya zenizeni za ophunzira. Onani ili:

Dokotala walemba kuti wodwala alandire madzi okwana 1000 ml pa maola 8. Chubu chomwe muli nacho chimatulutsa madontho 20 pa 1 ml. Muike madontho angati pa mphindi imodzi?

Yankho lolondola ndi 42. Timachulukitsa 1000 ndi 20, n'kugawa ndi mphindi 480, zomwe zikupereka 41.7. Tsono mayankho atatu otsalawo musangowatola. Ikani 2500, lomwe amapeza amene waiwala kusandutsa maola kukhala mphindi. Ikani 125, lomwe amapeza amene wawerengera mamililita a pa ola n'kuimira pomwepo. Ikani 31, lomwe amapeza amene wazolowera chubu cha madontho 15 ndipo sanawerenge funso bwino. Mukatero, yankho lililonse lolakwika likukuuzani pomwe mwanayo wapunthwa, ndipo mutha kulemberatu mawu omuthandiza pansi pa yankho lililonse. Wosankha 2500 awerenge kuti: "Onaninso nthawi. Mwagawa ndi maola, koma funso likufuna mphindi." Mawu ochepawa amaphunzitsa kuposa chizindikiro chofiira chongomuuza kuti walakwa.

Onjezerani ntchito imodzi yoti achite ndi manja ake n'kutumiza. Ikhale yochokera pomwe ali. Wa unamwino ayang'ane paketi ya chubu ya pa chipatala chomwe ali, alembe madontho omwe alembedwa pamenepo, n'kuwerengera nawo. Wa za ulimi ayeze dothi la m'munda wina wa tiyi ndi la m'munda wa chimanga woyandikana nawo, afotokoze kusiyana kwake. Ntchito zotere n'zovuta kuzikopera kwa mnzako kapena kuzipempha kwa ChatGPT, chifukwa manambala ake ali pamalo pomwe wophunzirayo waima.

4. Sankhani zophunzitsa, muzidule m'zidutswa

Tengani notsi zanu zakale, muike mafunso aja pambali pake. Chilichonse chomwe sichikuthandiza kuyankha mafunsowo, chichotseni pa phunziro la sabata ino. Wothyola tiyi satenga nthambi yonse, amatenga masamba awiri ndi kansonga. Ndikudziwa kuti zimawawa kusiya ndime yomwe munaivutikira, koma mutha kuiika pansi penipeni pa mutu wakuti "Zoonjezera kwa ofuna", ndipo isakhale pa mayeso.

Zotsalazo zikonzeni motere: kandime kofotokoza chomwe tichite sabata ino ndi chifukwa chake, chitsanzo chimodzi chomwe inu mwachiwerengera kuyambira poyamba mpaka pomaliza, chitsanzo chachiwiri chomwe mwachisiya pakati kuti iye amalize, mafunso asanu aja, kenako ntchito yotumiza. Pa chidutswa chilichonse lembani nthawi yomwe chitenge, monga "mphindi 10". Wophunzira amene akudikira minibasi pa Luchenza akaona "mphindi 10" amatsegula. Akaona fayilo yopanda malire amati ndidzaona madzulo, ndipo madzulowo safika.

5. Konzani notsi zowerengeka pa foni

Tsopano yatsani kompyuta. Masilaidi omwe mumaonetsa pa pulojekita si notsi. Anapangidwa kuti inu muzilankhula pambali pake, ndiye akatumizidwa okha amangokhala mitu yopanda nkhani. Lembani notsi zenizeni mu Word, masamba awiri kapena atatu, ndime zifupizifupi, mitu yooneka bwino, zilembo za saizi 14, mzere umodzi wotsika osati mizati iwiri. Matebulo otambalala aduleni, chifukwa pa foni amakakamiza munthu kumakokera uku ndi uku mpaka kutaya mzere.

Zithunzi ndi zomwe zimanenepetsa fayilo. Dinani pa chithunzi, pitani pa Picture Format, sankhani Compress Pictures, mutenge mlingo wotsika. Kenako sungani ngati PDF. Yesetsani kuti isapitirire 1 MB. Pa Moodle pali njira yabwino koposa: lembani notsizo mu Page, chifukwa malemba a mmenemo amadzikonza okha molingana ndi kukula kwa foni.

Chenjezo: musajambule masamba a buku ndi kamera n'kuwasandutsa PDF. Fayilo imalemera, malemba amaoneka mwachimbuuzi, ndipo wophunzira wosaona amene amadalira TalkBack kuti imuwerengere sangamve kalikonse, popeza kwa foniyo tsambalo ndi chithunzi chabe. Wophunzira wachialubino amene amavutika kuona naye amafuna malemba oti akawakulitsa asaphwanyike. Kuonjezera apo buku lili ndi mwini wake, ndipo kuligawa lonse popanda chilolezo n'kuphwanya lamulo.

6. Jambulani mawu kapena kavidiyo kakafupi

Dzifunseni kaye ngati vidiyo ikufunikadi. Ngati mukungofotokoza, mawu okha akwana. Vidiyo isungireni zinthu zofunika kuona ndi maso: dzanja likuwerengera masamu papepala, chala chikutembenuza kagudumu ka chubu cha diripu, waya akulumikizidwa.

Masamu ake ndi awa. Mawu ojambulidwa pa 32 kbps (kbps ndi Mbps ndi miyezo ya data yomwe imadyedwa pa sekondi) amatenga 2.4 MB pa mphindi 10. Vidiyo ya 500 kbps imatenga pafupifupi 23 MB pa mphindi 6. Kamera ya foni ikasiyidwa pa 1080p imatha kupitirira 100 MB pa mphindi imodzi yokha. Kalasi ya pa Zoom kapena Google Meet ikamayenda pa 1 Mbps imadya 450 MB pa ola, ndipo netiweki ikaduka pakati wophunzira wataya zonse, bandulo ndi phunziro lomwe. N'chifukwa chake ndimalimbikira zojambuliratu, zoti munthu atsitse kamodzi n'kumaonera mobwereza.

Za kutalika: kafukufuku wa 2014 wa Philip Guo ndi anzake pa mavidiyo a edX, tsamba la maphunziro a pa intaneti, anapeza kuti ophunzira amayamba kusiya kuonera vidiyo ikapitirira pafupifupi mphindi 6. Choncho mfundo imodzi, vidiyo imodzi. Ngati muli ndi mfundo zitatu, jambulani katatu.

Pojambula chitani izi:

- Lembani mawu oyamba ndi omaliza papepala. Pakati mulankhule momasuka ngati muli ndi wophunzira mmodzi mu ofesi.
- Sankhani chipinda chaching'ono chokhala ndi makatani, mabuku kapena matiresi. Kalasi yopanda anthu imabweza mawu.
- Mvula ikamagwa pa malata, dikirani. Kuno kumapiri imagwa mwaphokoso, ndipo phokosolo silichotseka mukajambula kale. Masiku a chiperoni tsekani mawindo, mphepo imalira mu maikolofoni.
- Ikani foni pa Airplane mode kuti wina asakuimbireni pakati.
- Pojambula masamu, sanjani mabuku milu iwiri, goneketsani rula ziwiri pamwamba, muike foni pamenepo kamera ikuyang'ana pansi. Pepala likhale pansi pake, zenera kutsogolo kwanu kuti mthunzi wa dzanja usaphimbe manambala. Lembani ndi peni yakuda yonenepa.
- Jambulani masekondi 20 kaye, mumvetsere, kenako mupitirize.

Mukamaliza, tsegulani vidiyo mu HandBrake, sankhani Fast 480p30, chongani Web Optimized, dinani Start Encode. Onerani yatsopanoyo pa foni kuti muone ngati manambala akuwerengeka. Ngati munajambulira mu PowerPoint, pitani pa File, Export, Create a Video, musankhe Standard 480p.

Nkhani ya chilankhulo ndiinene pano. Notsi ndi mayeso zili m'Chingerezi, ndipo zikhale choncho. Koma pa mfundo yomwe mukudziwa kuti imavuta chaka ndi chaka, palibe cholakwika kujambula kamphindi kamodzi kofotokoza m'Chichewa. Namwino yemweyo adzayenera kufotokozera agogo a ku Thekerani chifukwa chake asakhudze kagudumu ka diripu, ndipo sadzawauza m'Chingerezi.

7. Ikani zonse pamalo amodzi, motsatana

Pa Moodle yatsani Edit mode, pa yakale ndi Turn editing on. Gawo la sabatayo lipatseni dzina lomveka, monga "Sabata 4: Kuwerengera madontho a diripu". Pamwamba penipeni lembani mizere inayi: chomwe adzathe kuchita, zoti achite motsatana, nthawi yonse yofunika, ndi tsiku lomaliza. Kenako dinani Add an activity or resource n'kuika zidutswa zija motsatira manambala.

Mayina a mafayilo anene zonse: "1 Werengani, notsi, mphindi 10, 600 KB", "2 Onerani, chitsanzo, mphindi 5, 18 MB". Kulemba kukula kwa fayilo ndi ulemu kwa munthu amene akuwerengera bandulo yake. Dzina ngati "Lecture final final 2" silithandiza aliyense, ngakhale inu nomwe chaka chamawa.

Mafunso asanu aja aikeni mu Quiz, ndipo mawu othandiza aja muwalembe m'kabokosi ka Feedback ka pansi pa yankho lililonse. Lolani kuti ayese kawiri kapena katatu, chifukwa awa ndi mafunso ophunzirira, si mayeso a kumapeto kwa semesita. Ngati sukulu yanu inalola kugwiritsa ntchito app ya Moodle ya pa foni, mu Extra restrictions on attempts mupezamo mwayi wolola kuti mafunso ayankhidwe popanda intaneti. Wophunzira amatsitsa ali pa Wi-Fi ya pasukulu, n'kukayankha kunyumba, ndipo mayankho amatumizika akadzalumikizanso.

Chenjezo: mwayi umenewu sugwira ngati mwaika Time limit. Ndipo Time limit ya mphindi 10 pa netiweki ya kumapiri imayeza mphamvu ya netiweki, osati nzeru za mwana.

Pa Assignment pali masiku awiri: Due date, lomwe limangoonetsa kuti munthu wachedwa, ndi Cut-off date, lomwe limatseka chitseko. Siyani masiku awiri kapena atatu pakati pawo. Amene anali kuno mu March 2023 nthawi ya namondwe wa Freddy akudziwa mmene misewu, magetsi ndi netiweki zimadukira limodzi. Ngakhale popanda namondwe, usiku umodzi wopanda magetsi ndi wokwanira kuphonyetsa kalasi yonse.

Pa Google Classroom njira ndi yomweyi: pangani Topic ya sabatayo mu Classwork, notsi muike ngati Material, mafunso muwapange mu Google Forms mutayatsa Make this a quiz.

8. WhatsApp ikhale yolengezera ndi kufunsirana

Ophunzira ambiri amagula bandulo ya WhatsApp yokha chifukwa ndi yotsikirapo mtengo, ndiye kuikana n'kudzinamiza. Koma isakhale nkhokwe ya phunziro, chifukwa fayilo yotumizidwa Lolemba imakhala itakwiririka pofika Lachitatu.

Pangani magulu awiri. Loyamba likhale loti ma admin okha, inu ndi class rep, ndi amene angatumize. Mmenemo muziika uthenga umodzi pa sabata, pamodzi ndi notsi ndi mawu ojambula, kuti wa bandulo ya WhatsApp yokha asatsalire. Lachiwiri likhale la mafunso, ndipo nenani nthawi yomwe mumayankha, mwachitsanzo 4 koloko mpaka 5 koloko madzulo. Mavidiyo olemera apatseni class rep pa fulashi kuti agawire anzake kudzera pa Bluetooth, Xender kapena Quick Share, zomwe sizidya bandulo.

Chenjezo: malikisi a munthu musawaike pagulu. Ophunzira a zaumoyo auzeni mobwerezabwereza kuti nkhope, dzina kapena fayilo ya wodwala sizijambulidwa ndipo sizitumizidwa, ngakhale pa ntchito ya m'kalasi.

9. Yesani pa foni yobwereka ija

Pa Moodle dinani pa dzina lanu pamwamba, sankhani Switch role to, kenako Student, muone ngati palibe chomwe mwaiwala chili chobisika. Koma musaimire pomwepo. Itanani ophunzira anu odzipereka aja, zimitsani Wi-Fi pa foni yotchipa ija, muwapatse kuti adutse phunziro lonse ndi bandulo wamba, wina pa TNM wina pa Airtel. Mayunitsi ake muwagulire ndinu.

Inu khalani pambali, musalankhule. Dzanja lidzayabwa kufuna kuloza poti adine, koma ligwireni. Mukamuona akukweza nsidze, akubwerera m'mbuyo, akukulitsa tsamba ndi zala ziwiri, lembani pomwepo. Pamapeto afunseni kuti anasokonezeka pati, osati ngati zili bwino, chifukwa mwaulemu wathu adzangoti "zili bwino, Madamu" ngakhale sanapeze batani lotumizira. Onaninso mu Settings kuti phunziro lonse ladya ma MB angati, nambalayo muilembe pamwamba pa gawo la sabata.

10. Aphunzitseni ophunzira kagwiritsidwe kake

Kudziwa TikTok ndi Facebook sikutanthauza kudziwa kutumiza asainimenti. Ambiri a chaka choyamba sanagwirepo kompyuta kusekondale, ndipo ena imelo anawatsegulira ndi munthu wina pa kafe, pasiwedi sakuidziwa. Patulani theka la ola m'kalasi yoyamba, pamalo pomwe pali Wi-Fi, aliyense achite zinayi izi ndi manja ake: alowe mu akaunti n'kusintha pasiwedi, atsitse notsi n'kuzitsegula atazimitsa intaneti, ayankhe Quiz yoyesera ya mafunso awiri opanda malikisi, ajambule tsamba lolemba pamanja, alisandutse PDF ndi Scan ya mu Google Drive, n'kulitumiza.

Pa kutumizapo aonetseni bwino. Pa ma Assignment ena a Moodle kuika fayilo kokha kumaisiya ili Draft, ndipo pamafunika kudinanso Submit assignment. Pa Google Classroom ndi Turn in. Auzeni kuti azijambula sikirini yosonyeza kuti zatumizidwa. Akhazikeni awiriawiri, wodziwa ndi wosadziwa, koma lamulo likhale lakuti wodziwayo asagwire foni ya mnzake.

11. Werengani zotsatira musanalowe m'kalasi

Usiku woti mawa kalasi, tsegulani Quiz, pitani pa Results, muone Responses. Ngati ambiri asankha 2500, mwadziwa kuti mphindi 15 zoyamba muzithera pa kusandutsa maola kukhala mphindi, ndipo zina zonse mutha kudutsa mofulumira. Mu Reports onani amene sanatsegule kalikonse masabata awiri otsatizana, mulankhule nawo paokha. Kawirikawiri mupeza kuti foni inabedwa, inasweka kapena inatsala kumudzi.

Chofunika kwambiri: musabwereze m'kalasi zonse zomwe munaika pa intaneti. Mukatero kamodzi kokha, amene anawononga bandulo yawo amaona kuti anataya pachabe, ndipo sabata yotsatira satsegulanso. Nthawi ya m'kalasi ikhale yogwira chubu chenicheni, kuwerenga madontho ndi wotchi, ndi kukangana pa mayankho.

Mukapemphedwa kuphunzitsa aphunzitsi anzanu

Mukangodziwika kuti mumazitha, mkulu wa dipatimenti adzakupemphani kuti muphunzitse ena. Musakonze msonkhano wa tsiku lonse woonetsa mabatani onse a Moodle pa pulojekita. Anthu amagwedeza mitu, amadya nkhomaliro, Lolemba aiwala. Itanani anthu osapitirira 8, aliyense abwere ndi laputopu yake ndi phunziro lake la sabata yamawa. Ola loyamba likhale la pepala lokha, masitepe 2 mpaka 4. Ola lachiwiri aike zomwe akonzazo, kenako asinthane mafoni kuti ayeserane. Mukumanenso pakatha masabata awiri, aliyense abwere ndi zotsatira za Quiz yake.

Akuluakulu ena, a Pulofesa kapena a Dokotala amene aphunzitsa zaka zambiri, sangafunse pagulu kuti batani lili pati. Pitani ku ofesi kwawo, mukhale nawo awiri, ndipo mausi agwire okha. Muyambe ndi kuwafunsa kuti, "Kodi pa mutu uwu ana amalakwitsa pati kawirikawiri?" Pa funso limenelo iwo ndi akatswiri kuposa inu, ndipo mayankho awo ndi amene amapanga mafunso abwino a sitepe 3.

Zolakwika zomwe zimachitika kawirikawiri

Kuyamba ndi pulogalamu m'malo mwa cholinga. Munthu waona chida chatsopano ku msonkhano ku Blantyre, ndiye akufuna phunziro loti achigwiritsirepo ntchito. Bwererani pa sitepe 2.

Kumwaza zinthu malo ambiri: notsi pa imelo, vidiyo pa YouTube, mafunso pa Moodle, tsiku lomaliza pa WhatsApp. Sankhani malo amodzi omwe aliyense akudziwa kuti zonse zili pamenepo.

Kusintha maonekedwe sabata iliyonse. Sabata 5 ioneke ngati sabata 4, kuti nzeru za wophunzira zithere pa phunziro osati pa kusakasaka.

Kujambula kalasi yonse ya maola awiri ndi foni yoikidwa kumbuyo. Mawu samveka, bolodi silioneka, fayilo ndi yaikulu.

Kutsegula Forum n'kulemba kuti "kambiranani". Palibe amalemba. Funsani funso lenileni lokhala ndi mbali ziwiri, nenani kutalika kwa yankho ndi tsiku lake, ndipo inu muyankhepo msanga kwa awiri atatu oyamba.

Kuchedwa kubweza ntchito. Ndemanga yobwera patatha mwezi imapeza munthu ataiwala chomwe analemba. Kalasi ikakhala yaikulu, jambulani mawu a mphindi zitatu onena zophonya zitatu zomwe ambiri achita, mutumize kwa onse sabata yomweyo.

Kupatsa class rep pasiwedi yanu kuti akuikireni zinthu. Akaunti imeneyo ili ndi malikisi ndi mafunso a mayeso. Ngati mukufuna thandizo, khalani naye limodzi pa laputopu yanu, inu mutalowa nokha.

Kusasunga kope. Semesita ikatha, pitani pa Backup mu Moodle, mutsitse fayilo ya kosi yonse, muisunge pa fulashi ndi pa Google Drive, pamodzi ndi mafayilo a Word ndi mavidiyo oyambirira aja musanawachepetse, chifukwa chaka chamawa mukafuna kukonza nambala imodzi mu notsi, PDF yokha sidzakuthandizani.